Malo abata olemberamo mabuku: zomwe Malawi angaphunzire kunja

LILONGWE – Pamene boma ndi mabungwe akhala akulimbikitsa chikhalidwe chowerenga m'dziko muno, funso limodzi silifunsidwa kawirikawiri: kodi olemba mabukuwo amalembera kuti?

Alembi ambiri amakhala m'nyumba zothinana momwe muli ana, wailesi ndi alendo. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito magetsi pounikira. Motero mlembi yemwe masana ali pa ntchito ina, usiku amasowa bata ndi kuwala komwe.

M'dziko la America alembi adathana ndi vuto la phokosoli posonkherana ndalama za lendi. M'chaka cha 1978 adatsegula The Writers Room mumzinda wa New York ngati bungwe losafuna phindu. M'chaka cha 1994 alembi atatu, a Po Bronson, a Ethan Watters ndi a Ethan Canin, adachita lendi nyumba imodzi ku San Francisco, ndipo gulu la The Grotto lidayambira pamenepo.

Pa malo ambiri otere membala amalipira pamwezi kapena pa miyezi ingapo, ndipo amakhala pa desiki iliyonse yomwe wapeza palibe munthu. Kulankhula ndi kuyankha foni m'chipinda cholemberamo n'koletsedwa. Popeza mamembala safika onse nthawi imodzi, desiki imodzi imathandiza anthu angapo, zomwe zimatsitsa mtengo.

Komabe pali chenjezo. Kampani ya WeWork, yomwe idayamba m'chaka cha 2010 kuchititsa lendi maofesi ogawana, idafika poyerekezeredwa kuti ndi ya ndalama zokwana madola 47 biliyoni m'chaka cha 2019, koma mu Novembala 2023 idapita ku khoti ngongole zitaikulira. Kampaniyi inkatenga nyumba pa mgwirizano wa zaka zambiri pomwe makasitomala ake ankatha kuchoka pakangotha miyezi yochepa. Ngati lendi idagwetsa kampani yotere, gulu la alembi a ndalama zochepa liyenera kusamala koposa.

Kuno kwathu mwambo woti alembi azikumana si wachilendo. Gulu la Writers Group lidayamba ku Chancellor College m'chaka cha 1970, ndipo mmodzi mwa mamembala ake adali mlakatuli Jack Mapanje. Bungwe la Malawi Writers Union nalo lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1995. Koma kukumana n'kukambirana zolemba n'kosiyana ndi kukhala ndi desiki yolemberapo tsiku ndi tsiku.

Apa m'pamene nyumba za boma zingathandize. Bungwe la National Library Service, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la m'chaka cha 1967, lili kale ndi nyumba zowerengeramo m'mizinda ndi m'maboma ena. Kupatula chipinda chimodzi cha alembi sikufuna kumanga nyumba yatsopano.

Chovuta chili pa nthawi. Mlembi wapantchito amafuna malowa madzulo ndi kumapeto kwa sabata, zomwe zikutanthauza ndalama za magetsi, mlonda ndi malipiro oonjezera a ogwira ntchito. Alembi atamasonkha kangachepe kudzera m'bungwe lawo, gawo lina la ndalamazi likhoza kupezeka. Zotsalazo n'zofunika kuti unduna wokhudzidwa ndi makhonsolo aziganizire pokonza bajeti, chifukwa mabuku a zilankhulo za m'dziko muno, omwe ana asukulu amawafuna, sadzachokera kunja.