Mankhwala a Zitsamba: Safunsa Anadya Phula

Ambiri a ife timakhulupirira kuti mankhwala a zitsamba sangapweteke munthu. Tamvani nkhani iyi.

Ku Ulaya, m'mbali mwa mitsinje, kumamera citsamba ca masamba akuluakulu cochedwa butterbur. Mapiritsi opangidwa ndi citsambaci amacepetsa mutu wa cing'alang'ala ndiponso cimfine cobwera ndi mungu wa maluwa. M'caka ca 2012 bungwe la madokotala la American Academy of Neurology linawavomereza, koma mu 2015 linabweza mau ake. Cifukwa ninji? Citsambaci cili ndi ululu umene umaononga ciwindi mwakacetecete.

Tsono tisamale. Masamba ndi mizu yake si zophika ai. Wacibale akatitumizira mapiritsiwa, tione ngati pa botolo palembedwa kuti "PA-free", kutanthauza kuti ululuwo unacotsedwa. Ngakhale zitero, tiyambe tafunsa dokotala. Amai apakati, oyamwitsa ndi odwala ciwindi asamwe konse. Maso akasanduka acikasu kapena mkodzo ukada, tileke pomwepo ndi kuthamangira kucipatala.

Makolo athu anati safunsa anadya phula. Mutu umapola, koma ciwindi tili naco cimodzi cokha.