Matope a Mseu Watsopano

Akulu akale anati walira mvula walira matope. Mwambi umenewu anthu a mu Lusaka amaudziwa bwino, ndipo amakonda kuuchula nthawi iri yonse pamene Boma liyamba kukumba miseu ya mu mzinda. Koma pali funso limodzi limene ochula mwambiwo safuna kulimva: kodi amene analira mvula ndiye amene aponda matope? Kawiri-kawiri si tero ai. Wolira mvula ali m'galimoto, mazenera ali citsekere. Woponda matope ndi mai wophika nsima m'mbali mwa mseu, telala wa pakhonde, mnyamata wometa tsitsi, ndi mkulu wa kantemba amene sanakhalepo ndi galimoto cibadwire.

Lusaka anasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935, pamene Boma linasamuka ku Livingstone. Amene analinganiza mzindawo anali kuganizira anthu owerengeka okha, koma pa kalembera wa 2022 kunapezeka kuti okhalamo apitirira 2 miliyoni. Miseu inacepa, kotero kuti munthu wocokera ku Chelstone kapena ku Chilanga anali kutaya nthawi yaitali pa njira asanafike ku nchito. Motero m'caka ca 2018 inayamba nchito yaikulu ya kukuza miseu, ndi ndalama za nkhongole yocokera ku India. Great East Road ndi Kafue Road anaikuza, namanga maulalo anai odutsa pamwamba pa miseu ina: pa Makeni, pa Arcades, pa Munali ndi pa Longacres. Nchitoyo inatha m'caka ca 2021. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti maulalowo ngacabe. Mlandu uli pa anthu a malonda ang'ono amene makomo ao amayang'ana ku mseu wokumbidwa, ndi pa zimene anansi ao amawacitira pa nthawi yotere.

Wowerenga amene sanagulitsepo kanthu ayenera kumva m'mene malonda ang'ono amafera. Safa tsiku limodzi ai. Amafa pang'ono-pang'ono monga mzati wodyedwa ndi ciswe. Omanga mseu akafika amakumba ngalande patsogolo pa khomo, nachinga malowo ndi malata, ndipo poimira mabasi amapasunthira kutali. Anthu amene anali kutsika pamenepo m'mawa ndi madzulo ayamba kutsikira kwina, ndipo maso akaleka kuona sitoro, mapazi naonso amaiiwala. M'cilimwe fumbi limagwera pa ndiwo, pa buledi ndi pa zobvala za salaula. M'dzinja madzi amadzaza ngalande ija, ndipo palibe afuna kuilumpha. Ogula acepa, koma mwini nyumba afuna lendi yace yonse, Khonsolo ifuna msonkho wace, ndipo ana afuna kudya. Tomato ndi nsomba sizidikira kuti ulalo uthe. Tsono wamalonda ayamba kudya mpamba wace. Mwezi wotsatira alephera kuponya cilimba, anzace namkwiyira. Pofuna kudzipulumutsa apita kwa wa kaloba, amene ciongoladzanja cace cimakula msanga kuposa phindu la malonda ali onse. Ndipo tsiku limene akulu-akulu adza kudzatsegula mseu ndi ng'oma ndi nyimbo, pa khomo paja pali loko, mwini wace anabwerera kale kumudzi ku Petauke kapena ku Katete.

A malonda a mu Lusaka nchito ya maulalo inawapeza ali kale ndi zilonda. Mu July 2017 moto unatentha mbali yaikulu ya City Market, katundu wa anthu ambiri nasanduka phulusa. Kuciyambi kwa 2018, cifukwa ca kolera, ogulitsa m'miseu anacotsedwa, ndipo misika ina inatsekedwa kwa kanthawi kuti aiyeretse. Mu March 2020, maulalo ali mkati momangidwa, Covid-19 inafika m'Zambia, anthu naopa kuyenda-yenda. Munthu amene wagwa katatu motere safunika kumkankha mwamphamvu kuti agwe kacinai. Kungomlambalala kokha nkokwanira.

Nanga amamlambalala ndani? Si mlendo ai, pakuti mlendo ndi mame, sakhalitsa. Ndi mnansi wace weni-weni, maka-maka wophunzira wa pa nchito ya malipiro: kalaliki, mphunzitsi, namwino, wa ku banki. Pakati pa mwezi, m'thumba mutauma, munthu ameneyu amaidziwa bwino njira ya ku kantemba. Amapita kutada, nalankhula mofatsa kuti, "Amai, mundilembeko shuga ndi mafuta, ndidzalipira pa kutha kwa mwezi." Maiyo atenga kabuku kace nalemba, osafunsa cikole kapena kalata ya kwa bwana. Koma malipiro akangolowa, munthu yemweyo akumbuka kuti pa kantemba pali matope, ndipo nsapato zace nzatsopano. Akwera galimoto napita ku Manda Hill kapena ku Levy, nakagula katundu wa mwezi wathunthu, nalipira pomwepo osatsalako ngwee. Nkhongole ya maiyo iyembekeze. Kwa wolemera apereka ndalama, kwa wosauka apereka dzina lolemba m'kabuku. Khalidwe lotere eni ace amalicha kutsogola, koma dzina lace loona ndi kusayamika.

Ena adzati, "Ndalama nzanga, ndigula kumene ndifuna, ndipo ku sitoro yaikulu zinthu zina nzotsika mtengo." Zimenezo nzoona, ndipo masitoro akulu sanalakwe kanthu pogulitsa. Koma wonena tero awerenge bwino. Sitoro yaikulu iri ndi nthambi zambiri. Mseu ukakumbidwa patsogolo pa nthambi imodzi, zinazo zimaisenza kufikira fumbi litatha. Kantemba kali ndi khomo limodzi lokha, ndipo khomo limenelo likatsekeka, zonse zathera pomwepo. Awerengenso zimene sitoro yaikulu singamcitire. Singamgulitse pamela ya unga wa nsima imodzi tsiku limene alibe ndalama ya thumba. Singamuikire mbasela. Singamsungire kiyi wa nyumba, kapena kumyang'anira mwana wobwera ku sukulu makolo asanaweruke. Pa maliro a m'komboni sipezekapo ndi thumba la makala kapena mutu wa kabichi. Zonsezi ziri ndi mtengo wace ngakhale sizilembedwa pa lisiti, ndipo munthu amazindikira mtengowo tsiku limene kantemba kapita.

Enanso adzati, "Imeneyi ndi nchito ya Boma, amene anakumba ndiye alipire." Boma liri ndi mbali yace ndithu, ndipo liyenera kukumbutsidwa. Koma Boma silidya nsima ya pa mseu, silimetetsa tsitsi, silisoketsa diresi. Moyo wa malonda ndi ogula. Wogula amene aloza Boma ndi cala, uku ali kupita kwina ndi cikwama cace, ali kungofuna pobisala.

Agogo a owerenga nkhani ino anaidziwa mphamvu ya wogula kuposa adzukulu ao ophunzira. M'masiku a Northern Rhodesia munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa m'masitoro ambiri a Azungu. Anali kugulira pa kazenera ka kumbali, nalandira nyama imene sanasankhe yekha. M'caka ca 1954 African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Mwaanga Nkumbula, inauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula m'mabucha otere. Anthu anamvera, nalolera kukhala opanda nyama, ndipo eni mabucha anaona okha kuti ndalama ya wosauka ikacoka, m'sitoro mumazizira. Ambiri a anthu aja analibe voti, koma anali ndi mapazi, ndipo anadziwa kumene ayenera kupita nao ndi kumene sayenera. Mphamvu imene inatha kulanga wamalonda wonyoza ingathenso kucirikiza wamalonda wobvutika. Ncamanyazi kuti mbadwo umene unatsegulidwira khomo la kutsogolo ndiwo uiwale khomo la mnansi.

Cofunika si cinthu cacikulu. Wa malipiro ayambe walipira nkhongole ya pa kantemba asanapite kwina kuli konse. Zinthu za tsiku ndi tsiku, monga buledi, mazira, tomato, makala ndi sopo, azigule pomwe anali kugula mseu usanakumbidwe, ngakhale njira yace ikhale yozungulira. A mu ofesi imodzi apangane kuitanitsa cakudya ca masana kwa mai yemwe uja. Masiku ano foni iri m'manja mwa anthu ambiri, ndipo ndalama imayenda pa foni osaponda matope. Wodziwa kulemba bwino amlembere telala cikwangwani cosonyeza kolowera, ndipo wofuna kusoketsa yunifolomu ya mwana asoketse tsopano, asadikire kuti mseu uthe. Eni nyumba atsitseko lendi pa miyezi ya fumbi, pozindikira kuti lendi ya theka iposa cipinda copanda munthu.

Eni malonda oyandikana naonso asakondwere poona mnzao ali kumira, poyesa kuti ogula ace adzakhala ao. Mseu wa masitoro otseka suitana munthu. Mutu umodzi susenza denga. Apite pamodzi kwa khansala wao akapemphe zinthu zosabvuta: kuti awauze tsiku loyamba nchito nthawi ikalipo, kuti omanga aike matabwa olimba pa ngalande patsogolo pa makomo, kuti azithira madzi pa fumbi, ndi kuti Khonsolo icepetse msonkho kufikira nchito itatha. Pempho la munthu m'modzi limatayika m'ofesi, koma la anthu a mseu wathunthu limabvuta kulibisa. Ndipo asunge mbali yao: abvundikire zakudya, asese pa khomo, asakweze mitengo kapena kucepetsa muyeso pofuna kubweza zimene ataya. Wogula amene walumpha ngalande kudza kwa iwo asabwerere ndi madandaulo.

Kukumba sikudzatha. M'caka ca 2024 inayamba nchito ya kukuza mseu wocokera ku Lusaka kupita ku Ndola, ndipo mzinda uli wonse umene ukula, kaya ndi Chipata kaya ndi Kabwe, udzaona ngalande ndi malata a omanga pakati pa masitoro ace. Cifukwa cace mnyamata kapena msungwana wotsiriza sukulu asayese kuti nkhani ino nja anthu ena. Nchito za mu ofesi nzocepa, ndipo ambiri a iwo adzayamba moyo wao ndi kantemba, makina osokera, kapena kanyumba kotumiziramo ndalama m'mbali mwa mseu. Tsiku lina ngalande idzakumbidwa pa khomo pao, ndipo adzakhala pa mpando tsiku lonse kuyang'ana ngati alipo wolumpha kudza kwa iwo. Mnzako akapsa ndebvu mzimire, anatero akulu, mawa adzazima zako. Mseu watsopano ukatha anthu onse adzayendapo. Tsono matope ace asasiyire mai wa kantemba yekha.