Njinga Yakale Si Yodumphira Zulu

Kuyambira ku Chileka, kwa Mfumu Kuntaja, mpaka ku Lirangwe, mnyamata akapeza njinga ija amati mountain bike, sachedwa kuyesa kudumpha nayo chulu kapena mulu wa dothi. Koma zambiri mwa njingazi zimafika kuno zitakalamba kale m'manja mwa eni ena, ndipo siziyenera maseŵero otere.

Njinga za mtundu umenewu zidayambira ku California m'zaka za m'ma 1970, ndipo adazikonzera njira zamiyala ndi zotsetsereka. Njinga yodumphira, monga BMX imene idaloŵa m'maseŵero a Olympics mu 2008, ili ndi felemu yaifupi, chishalo chotsika, giya imodzi ndi malimu olimba.

Njinga ikamatera pansi, mphamvu yaikulu imafika pa foloko ndi poŵotcherera pa khosi la felemu. Aluminiyamu yotopa imathyoka mosachenjeza, penti ikali phuliphuli. Pajatu akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono njinga yomweyo ndiyo imapita kuchigayo, imanyamula matimati kumsika wa Lunzu ndi kufikitsa wodwala kuchipatala usiku. Ikathyoka, mnyamata wavulala, banja nalo laduka miyendo.

Aphunzitsi asangokalipa ayi, pakuti choletsedwa chimakoma. Aphunzitse anyamata kufufuza ming'alu, kumanga masipoko, kuvala chipewa choteteza mutu ndi kusapyola milu yofika m'bondo. Zulu zikuluzikulu zidikire njinga yake; yakaleyi aisiyire ntchito yodyetsa banja.