Tikuvina Ngoma, Nyumba Zikugwa

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, nditatopa ndi mafayilo a ku ofesi, ndinatsika minibasi pamphambano ya Tsangano pamsewu wa M1 n'kukwera lole yokatenga mbatatesi. Ndinkafuna kukaonanso nyumba zakale zomwe ndinkaziona ndili mnyamata. Ndinabwerako mimba ili yokhuta koma mtima ukuwawa, n'chifukwa chake ndatola cholembera.

Pamsika ndinayambira pasitolo ina ya njerwa zootcha, ya khonde lalitali. Agogo ena ogulitsa kabichi anandiuza kuti inali ya mmwenye, boma la Kamuzu lisanachotse amwenye m'midzi m'zaka za m'ma 1970. Iwo anati pakhonde pomwepo telala wina ankasokera zovala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, omwe anadzaza dera lino mpaka mtendere utabwera kwawo mu 1992. Kuseri kwa sitoloyo ndinapeza anyamata awiri akugumula khoma. Ati njerwazo akamangire khola la nkhumba.

Kuchoka apo ndinatsetserekera kwa amalume anga. Kale mudzi wawo unamangidwa mwa Chingoni, khola la ng'ombe pakati, nyumba zozungulira zitalizinga. Lero yatsala imodzi yokha, ya khoma lomata, pansi pozira bwino, denga la udzu lotsika mpaka kuphimba khonde. Kunja kunali chisanu cha ku Tsangano chija cholowa m'mafupa, koma m'katimo munali mofunda popanda mbaula. "Mphwanga," anatero amalume, "iyi tigwetsa dzinja lisanafike. Ana akuti ikutichititsa manyazi."

Madzulo kunali ngoma pabwalo. Madoda anagunda mapazi, zishango ndi zibonga zili m'manja, amayi akuwomba m'manja n'kumaluluta. Ngakhale tiana tosavala nsapato tinkadziwa popondera. Ndinamwa thobwa mpaka kumasula lamba. Guleyu, abale, sakufa lero kapena mawa.

Tsono funso langa ndi ili: bwanji timasamala gule koma nyumba ayi? Chaka ndi chaka timasonkhana ku Umhlangano kwa Nkolimbo, kukumbukira Inkosi Gomani woyamba yemwe anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Izi n'zabwino. Koma makolo omwe anatisiyira ngoma ndi omwewonso anatisiyira luso lomanga nyumba yogonjetsa chisanu. Tatola chikopa chovinira, nzeru yawo taitaya kudzala.

Tikamatchula nyumba za mbiri m'dziko muno, timathamangira ku Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, kapena kutchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinatha mu 1891. Kuno ku Ntcheu timaloza mishoni ya Nzama, komwe ansembe a chipani cha Montfort anafika mu 1901. Zonsezi n'zoyenera kusungidwa. Koma kodi mbiri imakhala m'makoma a mzungu okha? Nanga khoma lomwe anamata agogo athu, ndi khonde lomwe linasunga othawa nkhondo, si mbiri?

Ndikudziwa ena anena kuti, "Iwe umagona m'nyumba ya malata kutauni, ukufuna ife tizigona modontha?" Akunena zoona, ndipo sindikuletsa munthu kumanga ya malata. Ndikungopempha kuti pamudzi patsale nyumba imodzi yakale, yofoleredwa bwino, yoti mphunzitsi azibwera nawo ana kudzaona. Msewu wa ku Neno ndi Mwanza umadzera pano. Mlendo woima kugula mbatatesi tidzamuonetsa chiyani china?

Lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale tili nalo kuyambira mu 1990. Vuto ndife ogwira ntchito m'boma, ine ndemwe m'gulu, omwe timadikira alawansi kuti tikalembe m'kaundula ngakhale nyumba yomwe tinabadwiramo. Mafumu, makhansala ndi aphunzitsi, musadikire ife. Gogo yemwe akudziwa mwini sitolo ija sakhala nafe mpaka kalekale, ndipo madzi akatayika saoleka.

Ndisanakwere lole yobwerera ndinagwada kwa amalume n'kuwapempha kuti nyumba ija aileke. Anati udzu wakwera mtengo ndipo odziwa kufolera atsala awiri okha m'mudzimo. Ndawalonjeza kuti udzu ndigula ine malipiro a mwezi uno akatuluka, ndipo mwana wanga wamwamuna adzakwera nawo padenga kuti aphunzire.