Tiyambe Tapepuza Mtima wa Mayi

Mwana akafika kusukulu wosasamba ndi wanjala, kapena akajomba sabata yathunthu, chizolowezi cha ife a m'maofesi ndicho kuitanitsa mayi wake ndi kumudzudzula. Lamulo la 2010 loteteza ndi kusamalira ana lipatsadi Boma mphamvu yolowerera pamene mwana walekereredwa, ndipo nkoyenera kutero. Koma ife tinena poyera kuti chidzudzulo pachokha sichikonza banja lotere.

Taganizani za mayi wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache m'boma la Mwanza. Mwamuna anapita ku Joni ndipo sanatumize kanthu; iye atandala pamsewu wa ku Zobue kugulitsa manachesi, madzulo nkukayamba za kumjigo ndi kumphero. Kawirikawiri mayi wotere naye anakula wopanda womfunsa ngati wadya. Nanga adzapatsa bwanji ana ake chisamaliro chimene iye sanachione? Mtima wodzala nkhawa upsa msanga, ndipo ukatopa ungoleka zonse. Pamenepo ndipo kulekerera kuyambira.

Maphunziro a kaleredwe ka ana athandiza pamene alunjika pa nkhawa imeneyi. Ku Eastern Cape, m'dziko la South Africa, anayesa ndondomeko yotchedwa Sinovuyo pa mabanja 552 okhala ndi ana osinkhukirapo, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2018. Makolo ndi ana anali kukumana m'magulu kuphunzira kuyamikirana, kuugwira mtima, kuika malamulo apakhomo popanda chikwapu, ndi kukonza kagwiritsidwe ka ndalama. Patapita miyezi, nkhanza zinachepa, ndiponso olera anawo ananena kuti nkhawa ndi kukhumudwa zawachepera. Chifukwa chake nchosavuta kumva: mwana akayamba kumvera, phokoso lapakhomo lichepa, mayi akapeza anzake a mavuto onga ake, manyazi amchoka. Ku Harare nako, Dr Dixon Chibanda anaonetsa ndi Friendship Bench kuti agogo ophunzitsidwa bwino angathe kupepuza mtima wa munthu pomumvetsera ndi kumthandiza kumasula mavuto ake limodzilimodzi.

Tsono tichenjeze. Phunziro silidzaza nkhokwe. Mayi wogona ndi njala sangasunge malangizo, angakhale akome chotani. Nchifukwa chake maphunzirowa ayenera kuyendera pamodzi ndi Mtukula Pakhomo, umene Boma linayamba ku Mchinji mu 2006, ndiponso ndi mabanki a m'mudzi. Chinanso, amayi olemedwa koposa ndiwo sabwera kumisonkhano. Ayenera kulondoledwa kwao, mwaulemu, popanda kuwachititsa manyazi pamaso pa mudzi.

Zipangizo tili nazo kale ku Mwanza: alangizi a zaumoyo, sukulu za mkombaphala, magulu a amayi a m'sukulu, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndi mafumu. Chosowa ndicho funso limodzi. Kusikelo tiyesa kulemera kwa mwana. Kodi ndani afunsa mayi ngati akugona tulo? Mphunzitsi, musanalembe kalata yoopseza, mufunse kaye za pakhomo, ndipo mudziwitse a chisamaliro cha anthu. Inu a kuofesi, polemba malipoti musawerenge misonkhano yokha, koma muonetse ngati amayiwo apepukidwa.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mwana wolekereredwa lero ndiye kholo la mawa, ndipo njira yachidule yomfikira idzera kwa mayi wake.