Yankho nalo limasasa

Mwafufuza pa Google, mwapeza munthu amene anafunsa ndendende zomwe zikukuvutani, pansi pake mayankho mbwee. Mukuti mufunseko pang'ono, foni ikukuuzani kuti nkhaniyi inatsekedwa. Zimanyansa, eti?

Pa Reddit, kwa zaka zambiri, nkhani inkadzitseka yokha ikatha miyezi 6. Kuwerenga kokha kunkatheka, kuyankha kapena kuvota ayi. Mu 2021 anafewetsa lamuloli, n'kusiyira oyang'anira gulu lililonse kuti azisankha okha. Nzeru yake ndimaimvetsa: wofunsa uja anapeza thandizo kalekale, mwina anasinthanso foni, ndipo nkhani yopanda mwini imasanduka bwalo la otsatsa malonda achinyengo.

Stack Overflow, kumene olemba mapulogalamu a kompyuta akhala akufunsana kuyambira 2008, amachita mosiyana. Kumeneko ukalamba si mlandu. Funso amalitseka ngati linafunsidwa kale, ngati silikumveka, kapena ngati likungoitana maganizo a anthu, ndipo pamafunika mavoti atatu a mamembala amene afika mapointi 3,000. Chomwe chinkawapweteka mutu ndi yankho lomwe wofunsa walivomereza, chifukwa linkakhala pamwamba mpaka kalekale. Taganizani, Python 2 inasiya kukonzedwa pa 1 Januwale 2020, koma wophunzira watsopano ankathabe kukumana kaye ndi yankho la Python 2 yomweyo. Mu 2021 anasiya kukhomerera yankho lovomerezedwa pamwamba, n'kulola mavoti kuti azisankha lotsogola.

Ine ndili mbali ya njira yachiwiriyi. Kutseka sikufufuta. Yankho lotha ntchito limakhalabe pomwepo, Google n'kumatibweretsera, koma palibenso amene angalembe pansi pake kuti, “Abale, izi zinasintha.” Choncho wotseka wateteza bwalo lake, koma wowerenga wamusiya yekha.

Ndipo kwathu kuno mayankho amasasa msanga kuposa mkaka wa pa dzuwa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene anayankha mu 2021 za mtengo wa laputopu, lendi ya nyumba ku Lilongwe kapena ndalama yokwerera basi yopita ku Johannesburg sananame. Koma mukakonza bajeti potengera iyeyo, mukaima pa depoti ndi ndalama yosakwana, kondakitala akukuyang'anani. Deti la yankholo linalipo ndithu, kungoti amalilemba ndi tizilembo ting'onoting'ono totuwa, pamalo pomwe chala chimangodutsa.