Wosauka Si Waulesi: Tileke Kunamizana

Anzanga acinyamata, pali mau amene amamveka kawirikawiri m'misonkhano yathu, akuti munthu amasauka cifukwa ca ulesi. Mau amenewa ndi bodza, ndipo amene amawakonda kwambiri ndi aja okhuta.

Taganizirani mai wa ku Shang'ombo amene amagwira khasu kuyambira mbandakuca mpaka dzuwa kulowa, koma ndalama ya feteleza alibe. Kodi ndiye kuti wosesa m'miseu ya ku Zurich amamuposa khama? Iyai. Anangobadwira m'maiko osiyana. Katswiri wa zacuma Branko Milanovic, amene anagwirapo nchito ku World Bank, anapeza kuti kuposa theka la kusiyana kwa malipiro a anthu pa dziko lonse lapansi kumacokera pa dziko limene munthu akhalamo. Kodi ndani wa ife anasankha kobadwira?

Ngakhale muno m'Zambia mwathu nkhani ndi yomweyo. Kafukufuku wa boma wa 2022 anaonetsa kuti anthu 60 pa 100 aliwonse anali osauka. M'matauni anali pafupifupi 32 pa 100, koma kumidzi pafupifupi 79. Kodi tinene kuti ulesi wonse unasamukira kumudzi? Kumene kulibe mseu wabwino, magetsi ndi sukulu ya sekondale yapafupi, thukuta la munthu limagulidwa mochipa.

Nanga cuma ca mkuwa wathu cimapita kuti? Mu 2020 Supreme Court inalamula kampani ya Mopani kulipira msonkho wa K240 miliyoni, itapeza kuti inali kugulitsa mkuwa pa mtengo wotsika kwa mwini wake Glencore wa ku Switzerland. Phindu linali kuonekera kunja, msonkho ndi kucepa kuno. Caka comweco dziko lathu linalephera kulipira nkhongole zake zakunja. Amene anamva kuwawa si amene anasaina mapangano, koma mai uja wa khasu.

Ena adzati, "Inu ana, zimenezi n'zandale, zisiyeni." Koma wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Ife ndife amene timatsiriza Giredi 12 ndi kukakhala pa nyumba popanda nchito. Khama ndi lofunika, palibe akukana. Koma kuuza munthu wopanda msika kuti alimbikire cabe ndi kumunyoza.

Tsono tiyambire pafupi. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse. Ndalama zimenezi n'zathu. Gulu lililonse la acinyamata litumize anthu ku misonkhano ya Ward Development Committee. Mukafunse kuti ndalama zinabwera zingati, zinagula ciani, ndipo ana a kumidzi yakutali amene analandira thandizo la sukulu ndi angati. Mayankho mukawalembe ndi kuwawerengera anzanu poyera. Cala cimodzi siciphwanya nsabwe, conco musapiteko mmodzimmodzi.